Seva ikakana aliyense pakhomo, mumalowera kuti?

Anzanga, seva ndi kompyuta imene imasunga mafayilo ndi kutumikira makompyuta ena. Maseva ambiri amayendera Linux, yomwe Linus Torvalds wa ku Finland anaiyamba mu 1991. Lero ndikufotokozereni vuto limodzi loopsa: tsiku limene aliyense walemba dzina ndi pasiwedi yolondola, koma seva n'kukana, ngakhale mwini wake.

Taganizani za mlonda wa pageti amene ali ndi kaundula m'manja. Dzina lanu likasowa m'bukumo, simulowa, olo muchonderere bwanji. Mu Linux kaundulayu ndi fayilo yotchedwa /etc/passwd. Munthu aliyense ali ndi mzere wake wa magawo 7, olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri, chizindikiro ichi : . Muli dzina, nambala ya munthuyo, nambala ya gulu lake, foda yake ndi zina. Bwana wa onse ndi root, ndipo nambala yake ndi 0. Mapasiwedi sakhala mmenemo ayi. Amakhala mu /etc/shadow, atasandutsidwa zilembo zosawerengeka.

Nanga mafayilowa amawonongeka bwanji? Magetsi akhoza kuzima fayilo ikulembedwa, disiki ikhoza kudzaza, kapena wina pokonza pamanja n'kufufuta kachizindikiro kamodzi. Kakang'ono komweko, anthu onse panja! Manotsi ndi mafayilo ena amakhala alipo ndithu, chavuta n'chitseko basi. Choncho musathamangire kufufuta zonse n'kuyambanso.

Njira yake ndi iyi. Choyamba pitani pamene pali seva penipenipo, muiyatsenso. Pakaoneka ndandanda ya GRUB, dinani e, pezani mzere woyamba ndi mawu akuti linux, kumapeto kwake muwonjezere init=/bin/bash, kenako dinani Ctrl ndi X. Mulowa ngati root osafunsidwa pasiwedi.

Chachiwiri, pamenepa disiki imangololeza kuwerenga. Lembani mount -o remount,rw / kuti ilole kulemba.

Chachitatu, koperani fayilo yowonongekayo pambali, mwina mudzaifuna. Nkhani yabwino ndi yakuti mapulogalamu owonjezera anthu, monga useradd, amasiya kope lakale: /etc/passwd- ndi /etc/shadow-, za kamzere kumapeto. Lembani cp /etc/passwd- /etc/passwd kuti kope libwerere pamalo. Dziwani kuti kopeli ndi la kusintha komaliza kusanachitike, ndiye munthu amene anawonjezedwa pomaliza akhoza kusowamo. Ameneyo mumulembetsanso.

Chachinayi, lembani pwck. Iyi imayendera mizere yonse n'kukuuzani pamene mafayilo awiriwa sakugwirizana. Ngati pasiwedi ya root yatayika, passwd ikupatsani mwayi woika yatsopano. Malizani ndi sync kuti zonse zilembeke pa disiki, kenako yatsaninso.

Zikakanika apa, yatsani seva ndi fulashi ya Linux, mutsegule disikiyo n'kukonza mafayilo omwewo.

Ine ndimati kupewa kuposa kuchiza. Pokonza kaundulayu gwiritsani ntchito vipw, imene imatseka fayilo kuti anthu awiri asalembemo nthawi imodzi. Sungani kope la foda ya /etc pa fulashi, ndipo seva ikhale ndi batire yoti magetsi akazima isafe mwadzidzidzi.

Mwaonanso chinthu china? Aliyense wofika pa seva ndi manja ake akhoza kukhala root. N'chifukwa chake chipinda cha seva chimakiyidwa. Ndiye izi musakayesere pa makompyuta a sukulu popanda chilolezo cha aphunzitsi!