Nambala zinatsika, chiponde chinayamba kutha

Kale mwezi ukatha, amayi a gulu losinja chiponde kwathu ku Kasenengwa ankasonkhana kudikira mlembi wawo, mtsikana amene anawapangira webusaiti. Iye ankatsegula AWStats, pulogalamu yowerenga kaundula wa seva, n'kutchula nambala ya ma hits. Zikwizikwi! Nthungululu zinkamveka mpaka kudimba. Amayi anagula matumba a nshawa za Chalimbana, anaitanitsa mabotolo ku Chipata, anasinja mpaka manja kuchita matuza. Koma foni ya gulu inali zii, ndipo chiponde chinkangoyandamitsa mafuta pashelefu.

Tsiku lina apampando anafunsa: “Iwe mwana, alendo onsewa sadya?”

“Ambuya, ndipatseni mwezi umodzi ndifufuze,” anatero mlembiyo.

Zimene anapeza zinaseketsa gulu lonse. Seva imalemba chilichonse chimene yatumiza. Tsamba la zithunzi 20 likatsegulidwa kamodzi, ma hits amakwana 21 kapena kuposa, chonsecho munthu ndi mmodzi. Palinso maloboti oyendayenda pa intaneti usiku ndi usana. Ena, monga Googlebot, amadziulula ndipo pulogalamuyo imawapatula, koma ena amadzibisa ngati anthu. Apampando anagwira pakamwa: “Ndiye kuti tinkawerenga mapazi pakhomo, a nkhuku ndi a mbuzi omwe!”

Mlembi anaika Google Analytics 4, imene inalowa m'malo mwa Google Analytics yakale mu July 2023. Iyi imawerenga pokhapokha tsamba latseguka pa foni kapena pa kompyuta, ndipo imasiya kachizindikiro kuti mlendo akabweranso imuzindikire. Nambala inagwa ngati chipupa cha zidina m'dzinja, koma tsopano ambiri mwa owerengedwawo anali anthu enieni. Nayonso ili ndi zofooka zake. Wotseka zotsatsa malonda pa foni yake nthawi zambiri saoneka. Munthu mmodzi wolowa pa foni ndi pa kompyuta amawerengedwa kawiri. Wa MTN, Airtel kapena Zamtel angaoneke ngati ali ku Lusaka pamene ali pa Chiparamba pompa.

Anayesanso Google Search Console, imene imaonetsa mawu amene anthu analemba posakasaka asanafike patsambalo, koma iyi imadziwa okhawo odzera ku Google. Similarweb, imene imangoyerekeza kuchokera kunja, inalibe chonena pa webusaiti yaing'ono chonchi.

Chimene chinasintha zinthu ndi kanthu kakang'ono. Ambiri odina linki ya pa WhatsApp amaoneka ngati angotulukira okha, osadziwika kochokera. Mlembi anamata kachizindikiro ka UTM pa linki iliyonse: ina ya pa WhatsApp, ina ya pa Facebook, ina ya pa botolo. Asungichuma nawo anagula kope, ndipo aliyense wotumiza ndalama pa foni ankamufunsa kuti, “Mwatidziwira kuti?”

Kope ndi kompyuta zinagwirizana. Facebook inkabweretsa anthu ambiri oyamikira zithunzi n'kupita. Ogula enieni ankachokera m'magulu a WhatsApp a ana a kum'mawa okhala ku Lusaka ndi ku Copperbelt, olakalaka chiponde cha kwawo. Zinaonekanso kuti alendo amachuluka Nc'wala ikayandikira, mwambo wa Angoni wochitikira ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la February.

Lero gululi lasiya kuwononga mabando potsatsa paliponse. Zithunzi zolemera zinachotsedwa kuti tsamba lizitseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta, ndipo mtengo ndi nambala ya foni zili pamwamba penipeni. Kusinja kwakukulu kumayamba mu January. Makatoni amakwera basi ya ku Lusaka ali olipiridwa kale, amayi avala zitenje zofanana, ndipo mlembi amene ankatchedwa mwana tsopano amamuti “a manambala”. Pamsonkhano satchulanso ma hits. Amatchula alendo, ofunsa mtengo, ogula, n'kumalizira pa makwacha, ndipo m'pamene nthungululu zimalira.

Inu amene muli ndi webusaiti ya malonda, kaya ya uchi, ya mpunga kapena ya nyumba yogona alendo, musakhulupirire njira imodzi. Yerekezani ziwiri kapena zitatu, kenako mufunse kope la ndalama kuti yanena zoona ndi iti.