Mendulo ya golide pa nyumba za dothi ndi nsungwi

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi kujambula mapulani a nyumba, ambiri amaganiza kuti ndimangosankha mawindo, kakhalidwe ka denga ndi mtundu wa penti. Ena amafunsa mosabisa kuti popeza mmisiri wa kumudzi amamanga popanda pepala, ife timalandirira chiyani ndalama. Funsoli ndi loyenera, ndipo ndimakonda kuliyankha pofotokoza za mayi wina wa ku Pakistan, Yasmeen Lari.

Mayiyu anabadwa mu 1941, anaphunzira ntchitoyi ku Oxford, ndipo atabwerera kwawo m'zaka za m'ma 1960 anakhala mkazi woyamba kuigwira m'dziko lonselo. Ku Karachi anajambula nyumba zikuluzikulu za konkire ndi magalasi: Finance and Trade Centre ya mu 1989, komanso likulu la kampani ya mafuta ya Pakistan State Oil mu 1991. Mu 2000 anapuma pantchito yojambulira anthu a ndalama. Akadalekera pomwepo, dzina lake likadakhalabe m'mabuku.

Chinamusintha ndi chivomezi cha mu October 2005, chimene chinapha anthu oposa 70,000 kumpoto kwa Pakistan ndi ku Kashmir. Anapita kumapiriko kukathandiza opulumuka kumanganso. Kenako kunabwera madzi osefukira a mu 2010, ndipo kuyambira pamenepo zipangizo zake zakhala zitatu: dothi, laimu ndi nsungwi. Kudzera m'bungwe la Heritage Foundation of Pakistan, limene anayambitsa ndi mwamuna wake Suhail Zaheer Lari mu 1980, wathandiza kumanga nyumba zoposa 40,000.

Apa ndi pamene ntchito yathu imaonekera bwino. Nyumba ya dothi imagwa pa zifukwa zodziwika. Madzi amadya khoma kuyambira pansi, mvula imalimenya m'mbali, ndipo nthaka ikagwedezeka makoma amapatukana m'makona chifukwa palibe chowagwira pamodzi. Lari anatenga mavutowa limodzi ndi limodzi. Anakweza maziko kuti madzi oyenda asafike pakhoma. Anasakaniza laimu m'dothi la maziko ndi lomatira, pakuti laimu akamauma amakoka mpweya wa m'mlengalenga n'kumalimba pang'onopang'ono, koma amasiya khoma likupuma, chinyezi n'kumatuluka. Simenti ukamata pa zidina amatsekera chinyezicho mkati, ndiye patapita nyengo pulasitala amasweka n'kugwa zibenthuzibenthu, zimene ambiri a ife taziona ndi maso. Nsungwi anazimanga mopingasa kuti chimango chisapendekeke, ndipo poti n'zopepuka, chivomezi chikabwera zimawerama m'malo mothyoka, komanso denga lake silipsinja anthu ngati la konkire.

Zonsezi ndi masamu ndi kudziwa khalidwe la zipangizo, nzeru imodzimodzi imene anagwiritsa ntchito pa nyumba zosanja za ku Karachi. Wojambula mapulani amayamba waganiza kaye kumene madzi apite, kumene mphepo idutse, chimene chinyamule kulemera kwa denga, ndi ndalama zimene mwini nyumba ali nazo. Chojambula cha papepala chimabwera pomalizira.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa ntchito zake ndi chitofu. Amayi a m'chigawo cha Sindh ankaphikira pansi, utsi uli m'maso, ana akukwawira pafupi ndi moto, ndipo madzi akasefukira malo ophikira ankakhala oyamba kumira. Lari anajambula chitofu cha dothi ndi laimu chotchedwa Pakistan Chulah, chokhala pa guwa lokwera, cha malo awiri otereka miphika ndi chumuni yotulutsa utsi. Amachimanga ndi kuchikongoletsa ndi amayiwo eni ake, ndipo ophunzitsidwa amapita kukaphunzitsa anzawo m'midzi ina n'kumapezerapo kangachepe. Chitofuchi chinapambana World Habitat Award mu 2018. Ndikuona kuti ndi mkazi amene akanazindikira msanga kuti khitchini ndi pamene nyumba iyenera kuyambira, chifukwa ife amuna a m'ntchitoyi timaiika kumapeto kwa pulani.

Ulemu unabwera mochedwa koma unabwera: Jane Drew Prize mu 2020, kenako mu 2023 Royal Gold Medal ya bungwe la akatswiri ojambula nyumba ku Britain, RIBA. Menduloyi inayamba kuperekedwa mu 1848, ndipo mkazi woyamba kuilandira payekha anali Zaha Hadid, mu 2016. Zaka zonsezo akazi analipo pantchito, koma maina awo ankabisika kuseri kwa amuna awo kapena mabwana awo.

Mwezi umodzi chabe mendulo ya Lari isanalengezedwe, mu March 2023, namondwe Freddy anali atagumula nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi m'chigwa cha Shire. Sindikunena kuti titenge mapulani a ku Sindh n'kuwabzala ku Nsanje, chifukwa dothi limasiyana, chiswe chathu n'cholusa, ndipo nsungwi zosathira mankhwala zimafumbwa msanga. Koma zimandipweteka kuti kwathu kuno nyumba ya zidina timaiona ngati chizindikiro cha umphawi, pamene njerwa zootcha zikutha mitengo m'mapiri ndipo thumba la simenti likukwera mtengo chaka ndi chaka. Ife ophunzira ntchitoyi tathera luso lathu pa nyumba za mipanda m'tauni, pamene anthu ochuluka amamanga okha popanda wowauza kuti maziko akwere bwanji ndi denga lituluke motani kuti mvula isanyambite khoma.

Madzi osefukira a mu 2022 atakhudza anthu 33 miliyoni ku Pakistan, Lari, ali ndi zaka 81, analengeza cholinga chomanga nyumba 1 miliyoni. Njira yake ndi kuphunzitsa anthu a m'midzimo, ena pamalo ophunzitsira a ku Makli, ena kudzera m'mavidiyo a pa YouTube osonyeza kamangidwe ka nsungwi ndi kasakanizidwe ka laimu.