Phunziro la chuma kuchokera m'minda ya mpunga ya ku Domasi

Amene anafikapo kumunsi kwa chigwa cha Domasi, kumene mtsinje umatsikira kunka ku nyanja ya Chilwa, amaidziwa sikimu ya mpunga ya kumeneko. Ngalande zake zinakumbidwa cha m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, dziko lomwe nthawi imeneyo linali ndi alimi ambiri a mpunga ngati ife. Lero Taiwan ndiye amapanga tizipangizo tambiri tapamwamba toyendetsa mafoni ndi makompyuta pa dziko lonse. Ife tikuombabe mpunga ndi manja. Kodi anzathuwa anatisiya pati?

Poyamba tikumbukire kuti mphamvu ya chuma sikhalitsa khomo limodzi. Makolo athu a Chiyao ankayenda miyezi kupita ku Kilwa ndi minyanga, n'kubwera ndi nsalu ndi mikanda, chifukwa chuma chinali kugombe. M'chaka cha 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain, boma linakhala pa Zomba, ndipo tinagwiritsa ntchito mapaundi mpaka kwacha inabwera mu 1971. Mu Disembala 2007 boma linathetsa ubale ndi Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi China. Mu 2010 nyumba ya malamulo yomangidwa ndi China inatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo chaka chomwecho China inaposa Japan n'kukhala yachiwiri pa chuma, kutsatira America. Mu 2022 India, yemwe kale ankalamulidwa ndi Britain, anaposa Britain yemweyo.

Kuti timvetse m'mene zimenezi zimachitikira, tiyerekeze mabanja awiri oyandikana, lirilonse lokolola matumba 10. Banja loyamba likuonjeza zokolola ndi 7 pa 100 chaka chirichonse. Pakatha zaka 10 likhala ndi matumba pafupifupi 20, pa zaka 20 pafupifupi 39, pa zaka 30 pafupifupi 76. Banja lachiwiri likuonjeza ndi 2 pa 100 basi. Pa zaka 30 zomwezo lidzakhala ndi matumba 18. Chaka choyamba kusiyana kwao kunali theka la thumba, moti palibe akanakuona. Maiko nawo amasiyana chomwecho. Kuyambira 1978, chuma cha China chinakula pafupifupi ndi 10 pa 100 pachaka kwa zaka zoposa makumi atatu.

Kuno kwathu pali mfundo inanso. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, koma wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Nsima ikakula pang'ono pamene manja otapa m'mbale achuluka, aliyense amagona wosakhuta. Choncho chuma chathu chiyenera kuthamanga kuposa kuchuluka kwa anthu.

Taiwan sanayambe ndi makompyuta ai. Anayamba ndi kugawa minda kwa alimi ang'onoang'ono, kuonjeza zokolola, kutumiza ana onse ku sukulu, kenaka kumanga mafakitale opanga katundu wogulitsa kunja. Zina mwa izi sitingadikire boma. Mpunga wa faya tikaugulitsa wosapuntha kwa mavenda nthawi yokolola, phindu limapita kwa ena. Tikaunjikiza pamodzi pa gulu, n'kuupuntha ku chigayo, kuulongedza bwino ndi kudikira mtengo, ndalama zimatsala m'mudzi. Pa Domasi pomwepa pali koleji ya aphunzitsi ndi Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a sukulu za dziko lonse. N'zomvetsa chisoni mwana wa m'chigwa chomwechi, makamaka mtsikana, kulekezera sukulu ku pulayimale kuti azikaingitsa mbalame ku munda.

Masomphenya a Malawi 2063 anakhazikitsidwa mu 2021. Khanda lobadwa chaka chimenecho lidzakhala ndi zaka 42 mu 2063. Ambiri a ife sitidzakhalapo, koma theka la thumba lija tikulionjeza kapena kulitaya ndife, chaka chino. Abale ndi alongo, pang'onopang'ono ndi mtolo.