KUSAMALA KERNEL YA LINUX: MUSAFULUMIRE KUTAYA YAKALE

Nkhani yathu ya lero ikukhudza aphunzitsi, alembi a m'maofesi, ophunzira ndiponso ena onse amene makompyuta awo amayendera Linux, makamaka Ubuntu ndi Debian. Tikambirana za chinthu chimene sichioneka ndi maso, koma chikasokonezeka kompyuta imakana kugwira ntchito, ndipo zolemba za miyezi yambiri, monga mayina a ana a sukulu ndi mamalikisi awo, zimatsekeredwa m'kati. Chinthucho dzina lake ndi kernel.

Pa Chingerezi liwu limeneli limatanthauza njere imene imatsala mukaswa mtedza. M'kompyuta, kernel ndiyo imene imayima pakati pa mapulogalamu ndi zipangizo. Mukadina batani la pa kiyibodi, mukatuma pulinta kuti isindikize kalata, kapena mukasunga chithunzi pa disiki, uthenga wonsewo umadzera kwa iyo. Kernel ya Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds m'chaka cha 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Pakuti aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kuigawira anzake, magulu a anthu amaitenga naiphatikiza ndi mapulogalamu ena ambirimbiri. Umo ndimo munabadwira Debian, imene Ian Murdock anaiyamba mu 1993, ndiponso Ubuntu, imene inatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzina loti Ubuntu likufanana ndi liwu lathu lija loti umunthu.

Kodi n'chifukwa ninji kernel imasinthidwa kawirikawiri? Chifukwa chachikulu ndi chitetezo. Mu Okotobala 2016 anthu anadziwitsidwa za cholakwika china chimene anachitcha Dirty COW. Cholakwikacho chinabisala mu kernel kuyambira 2007, ndipo chinkalola munthu wamba wogwiritsa ntchito kompyuta kulanda mphamvu zonse za woyang'anira. Amene analandira kernel yokonzedwa anatetezeka, koma amene ananyozera anatsala ngati nyumba yopanda mpiringidzo. Chotero kukana kernel yatsopano si nzeru. Komabe yatsopanoyo nthawi zina simvana ndi chipangizo china cha m'kompyuta mwanu, ndipo apa ndi pamene pamafunika kusamala.

Kernel imafika ngati phukusi. Pa Ubuntu ndi Debian phukusilo dzina lake limayamba ndi mawu akuti linux-image, kenaka nambala. Maphukusi a mapulogalamu ena akafika amalowa m'malo mwa akale, koma la kernel limangokhala pambali pa lakale, ndipo siliyamba ntchito kufikira mutazimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso. Izi anazikonza dala kuti mukhale ndi pothawira. Fedora nayonso mwachizolowezi imasunga makernel atatu. Mlimi wanzeru sadya mbewu yonse ya chaka chatha asanaone ngati yatsopano yamera.

Tsono tiyeni tione mavuto atatu amene amagwa kawirikawiri, ndi mmene mungawathetsere.

Vuto loyamba ndi ili: mwalandira kernel yatsopano, mwayatsanso kompyuta, koma sikirini yangoti bii, kapena yalemba mawu akuti kernel panic, kapenanso yayaka bwinobwino koma intaneti yasowa. Musathamangire kufufuta zonse ndi kuikamo Linux mwatsopano, pakuti potero mukhoza kutaya zolemba zanu popanda chifukwa. Zimitsani, yatsaninso, ndipo pamene ikuyamba kumene gwirani batani la Shift, kapena dinani la Esc pa makompyuta atsopano. Padzaoneka mndandanda wa kapulogalamu kotchedwa GRUB, kamene ntchito yake ndi kudzutsa kernel. Sankhani mzere woyamba ndi mawu akuti Advanced options, kenaka sankhani kernel ya nambala yocheperapo. Kompyuta ikayaka bwino, mwadziwa kuti zolemba zanu zili bwino ndipo vuto lili pa kernel yatsopano. Pitirizani kugwiritsa ntchito yakaleyo kufikira itafika ina yokonzedwa. Mukaganiza zochotsa yovutayo, dziwani kuti pa Ubuntu imatha kuchoka pamodzi ndi phukusi lotchedwa linux-generic, limene limaitana makernel atsopano. Phukusi limeneli muyenera kudzalibwezera, apo ayi kompyuta yanu idzaleka kulandira chitetezo inu osadziwa.

Nthawi zambiri gwero la vutoli ndi timapulogalamu totchedwa madalaivala, timene timathandiza kernel kulankhula ndi chipangizo. Ena a madalaivalawa, monga a zithunzi a kampani ya NVIDIA, sabwera pamodzi ndi kernel. Amayenera kumangidwanso nthawi iliyonse kernel ikasintha, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi DKMS. Koma DKMS singamange kanthu popanda phukusi la linux-headers la nambala yofanana ndendende ndi ya kernel. Choncho onetsetsani kuti awiriwa ayendera limodzi.

Vuto lachiwiri ndi kudzaza kwa malo. Makernel amasungidwa m'chigawo chotchedwa /boot, chimene pa makompyuta ena ndi chaching'ono. Akale akachuluka, yatsopano imasowa pokhala ndipo kompyuta imakana kulandira maphukusi ena. Tsegulani terminal, pamene pamalembedwa malamulo, ndipo lembani df -h /boot kuti muone malo otsala. Kenaka lembani uname -r. Lamulo limeneli limakuuzani nambala ya kernel imene ikugwira ntchito pa nthawiyo. Ilembeni pa pepala, pakuti imeneyo ndiyo simuyenera kuikhudza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukatero lembani sudo apt autoremove, limene limachotsa makernel osafunikanso, koma musanavomere werengani mndandanda wa zimene likufuna kuchotsa. Musalowe m'chigawocho n'kumafufuta mafayilo pamanja, chifukwa kompyuta ili ndi kaundula wa maphukusi ake, ndipo kaundulayo adzapitiriza kuwerengera zinthu zimene kulibe.

Vuto lachitatu timalidziwa bwino kuno kwathu, ndilo kuzima kwa magetsi. Akazima pamene phukusi la kernel likuikidwa, ntchito imatsala theka. Magetsi akabwera, yatsani kompyuta, ndipo ikavuta dzerani pa kernel yakale monga tafotokozera. Lembani sudo dpkg --configure -a kuti imalize zimene inasiyira panjira, kenaka sudo apt -f install kuti itenge maphukusi amene akusowa. Koma kupewa kuposa kuchiza. Ngati kompyuta yanu ndi ya m'manja, yambani ntchitoyi batire litadzaza. Komanso musasinthe kernel usiku woti mawa lake mukupereka malipoti a mayeso kapena malipiro a antchito.

Pomaliza, omvera, gwirani mfundo izi. Landirani kernel yatsopano chifukwa imakutetezani. Musanatero, koperani zolemba zanu zofunika pa fulashi kapena pa disiki ina. Mukayatsanso, yesani intaneti, mawu, pulinta ndi zina zonse zimene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Zikayenda bwino kwa masiku angapo, pamenepo mukhoza kuchotsa makernel akale, koma nthawi zonse siyani imodzi yodalirika pambali pa yatsopano. Kuona maso a nkhono n'kudekha.