Fulu wa ana pakhomo: tisamuboole chigoba

Mvula ikayamba, ana athu amatola afulu m'minda n'kubwera nawo kunyumba. Pomwe ambiri timalakwitsa mpoboola chigoba kuti timangepo chingwe. Chigobacho ndi fupa lamoyo, cholumikizana ndi msana komanso nthiti zake. Tikaboola amamva kuwawa, magazi amatuluka, bala limatha kuola. Bola kumumangira kampanda pamalo ofika dzuwa, pokhalanso ndi mthunzi.

Nsima ndi usipa ayi ndithu. Fulu wamkulu wamawangamawanga uja chakudya chake ndi udzu ndi masamba, monga chisoso kapena nkhwani wosapopera mankhwala. Madzi timuikire m'mbale yosazama, poti ameneyu si nkhasi ya m'nyanja. Ana akamugwira asambe m'manja ndi sopo asanadye, chifukwa ndowe zake zimakhala ndi tizilombo totsegulitsa m'mimba.