Kholo lolera lokha ana pa ntchito ya boma ku Katowo: zomwe malamulo akunena

Wogwira ntchito m'boma amene watumizidwa ku Katowo, m'dera la Hewe kumadzulo kwa boma la Rumphi, nthawi zambiri amafika kumaloko opanda wachibale. Kwa mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene akulera yekha ana, kaya chifukwa cha imfa kapena kutha kwa banja, kutunga madzi pa mjigo, kupeza nkhuni, kuphika ndi kuchapa zimadikira munthu yemweyo amene akuyembekezeka pa ntchito m'mamawa.

Makolo otere si ochepa. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti pafupifupi mabanja atatu mwa khumi alionse m'dziko muno amatsogoleredwa ndi amayi.

Malamulo a ntchito amathandiza makamaka mwana akadali wakhanda. Lamulo la Employment Act la 2000 limapatsa mayi tchuthi chauchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Litakonzedwanso mu 2021, lidapatsanso bambo tchuthi cha masabata awiri komanso mayi nthawi yoyamwitsa mwana pa maola a ntchito.

Mwana akakula, nkhani imasintha. Wa sitandade 2 akadwala malungo usiku, kholo limadalira tchuthi chake cha pachaka ndi kumvana ndi mkulu wa pa ntchito. Apa mpamene mphunzitsi wamkulu kapena woyang'anira chipatala ali ndi mphamvu yaikulu, chifukwa ndi iye amakonza ndandanda ya ntchito. Namwino amene wauzidwa masana kuti agwira usiku womwewo sangapeze womusiyira ana, pomwe akadadziwa sabata yathunthu akadakonzekera. Kutulutsa ndandanda msanga sikufuna ndalama ina iliyonse ya boma.

Wantchito wapakhomo naye sapezeka mophweka m'nyengo ya fodya, pamene aganyu ambiri ku Hewe amakhala ali kumunda ndi m'zigafa. Choncho katundu amagwera mwana wamkazi wamkulu, kapena kamtsikana kotengedwa kumudzi ponena kuti kadzaphunzira, koma n'kuthera kukhitchini. Chizolowezichi n'chosayenera kwa wogwira ntchito m'boma, poti kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kwa ana aang'ono, sukulu za mkombaphala za m'midzi zimapepuzako m'mawa.

Thandizo lina limene ambiri amalisiya chifukwa cha manyazi ndi la kholo linzawo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati udindo wosamalira mwana ndi wa makolo onse awiri, kaya ali pa banja kapena ayi, ndipo bwalo la milandu likhoza kulamula amene adachoka kuti azipereka thandizo. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma la Rumphi imalangiza pa nkhani zotere, ngakhale ulendo wochoka ku Katowo kudzera ku Bolero umadya tsiku la ntchito, makamaka m'dzinja.