Mapiri Atatu Otchuka a ku Makka

Aliyense amene Allah wam'patsa mwayi wa Hajj kapena Umra amafuna kukaona mapiri ozungulira Makka. Otchuka kwambiri alipo atatu.

Loyamba ndi Jabal Nur, lotalika mamita pafupifupi 640. Pamwamba pake pali phanga la Hira, m'mene mngelo Jibril anafikitsa ndime zoyamba za Qur'an kwa Mtumiki Muhammad (S.A.W.) m'chaka cha 610. Phangalo ndi laling'ono zedi, ndipo kukafikako kumatenga ola limodzi kapena awiri.

Kum'mwera kwa mzindawu kuli Jabal Thaur, kumene Mtumiki ndi Abu Bakr anabisala masiku atatu mu 622 posamukira ku Madina. Lachitatu ndi kaphiri ka Jabal Rahma ku Arafat, dera limene Mtumiki analalikira ulaliki wotsanzikana mu 632.

Komatu tikumbutsane kuti kukwera mapiriwa si gawo la Hajj. Zimatimvetsa chisoni makolo athu akamakakamira kukwera dzuwa lili paliwombo, n'kufooka lisanafike tsiku loima pa Arafat, lomwe ndilo phata la Hajj. Amphamvu akwere m'bandakucha, madzi akumwa ali m'manja. Okalamba angoonera m'tsinde. Hajj yawo ikhalabe yokwanira, Insha Allah.